The Very Best: awiri omwe anafikitsa Chichewa kwa omvera a kutali

The Very Best ndi gulu loimba la anthu awiri, Esau Mwamwaya wa ku Malawi ndi Johan Hugo wa ku Sweden, lomwe linayambira mumzinda wa London ndipo linadziwika mu 2008. Mwamwaya ndiye amapeka mawu ndi kuimba, kawirikawiri m'Chichewa, pomwe Hugo, yemwe amadziwikanso kuti Johan Karlberg, amakonza zing'wenyeng'wenye ndi kujambula nyimbozo. Poyamba analipo atatu, pamodzi ndi Etienne Tron wa ku France, koma iyeyu anachoka chimbale choyamba chitatuluka. Gululi latulutsa zimbale zazikulu zitatu: Warm Heart of Africa mu 2009, MTMTMK mu 2012 ndi Makes a King mu 2015.

Mbiri ya gululi ndi yofunika kwa aliyense wotsata nyimbo za ku Malawi pa chifukwa chimodzi chachikulu. Kwa zaka zambiri, woimba wa ku Africa wofuna kumveka ku Ulaya kapena ku America ankakumana ndi mphambano. Mwina asiye chilankhulo chake n'kumaimba m'Chingerezi, kapena asunge chilankhulocho koma avomere kuti nyimbo zake ziziikidwa pambali monga zachikhalidwe, zomvera anthu ochepa okonda zachilendo. Mwamwaya ndi Hugo anakana zonse ziwiri. Anasunga Chichewa, nachiika pakati pa mayimbidwe amakono a m'makalabu ovinira, ndipo omvera omwe sadziwa ngakhale liwu limodzi la chilankhulochi anavina.

Chiyambi cha Mwamwaya

Esau Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu koma anakulira ku Lilongwe. Luso lomwe anayamba kudziwika nalo linali loimba ng'oma, ndipo anaimba m'magulu angapo a mumzindawu, kuphatikizapo Masaka Band. Anali mnzake wa Evison Matafale, katswiri wa chamba cha reggae yemwe anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndipo awiriwa anaimbirapo limodzi. Motero Mwamwaya anakhwimira m'mayimbidwe a m'tauni a zaka za m'ma 1990, pomwe magulu oimba ankasakaniza reggae, rumba ya ku Congo, nyimbo za kutchalitchi ndi nyimbo zotchuka za Azungu zomwe zinkamveka pa wailesi.

Mu 1999 anasamukira ku London. Monga zimachitikira kwa Amalawi ambiri opita kunja, luso lomwe anali nalo kwawo silinamudyetse atangofika. Anatsegula sitolo yogulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito m'dera la Clapton, kummawa kwa mzindawu. Anakhala zaka zingapo ali wogulitsa, ndipo ambiri mwa ogula ake sankadziwa kuti akuchita malonda ndi woimba.

Njinga ya ku Clapton

Mumsewu womwe munali sitoloyo munalinso situdiyo ya Radioclit, dzina lomwe Johan Karlberg ndi Etienne Tron ankagwiritsa ntchito pokonza nyimbo ndi kuziseweretsa m'makalabu. Awiriwa ankakonda kufufuza nyimbo zovinira za m'mayiko osiyanasiyana, makamaka za ku Africa ndi kuzilumba za Caribbean, zomwe wailesi zikuluzikulu za ku Britain sizinkaulutsa. Tsiku lina Tron anagula njinga yakapalasa kusitolo ya Mwamwaya, ndipo chinzake chitayambika anamuitanira kuphwando kunyumba kwake. Kumeneko ndiko Mwamwaya anadziwana ndi Karlberg.

Atamva kuti ndi woimba ng'oma, anamuitanira ku situdiyo. Koma chomwe chinawagwira mtima atafika chinali mawu ake. Mwamwaya ali ndi mawu okwera, owala ndi otambasuka, ndipo ali ndi khutu la munthu woleredwa pakati pa makwaya. Pojambula amaimba mzere umodzi, kenaka n'kuimbanso mawu ena ogwirizana nawo pamwamba ndi pansi pake, kangapo konse, mpaka munthu mmodzi kumveka ngati chigulu. Kaimbidwe kosanjikiza mawu kameneka ndiko kanakhala chizindikiro cha gululi, ndipo Mmalawi aliyense amakazindikira msanga chifukwa kamafanana ndi zomwe amamva kutchalitchi, paukwati ndi pamaliro.

Malo awo pakati pa oimba a indie

Mawu akuti indie amanena za oimba omwe amatulutsa nyimbo zawo kudzera m'makampani ang'onoang'ono oima paokha, osadalira makampani akuluakulu omwe amalamulira msika wa nyimbo padziko lonse. Popeza sakhala ndi bwana wowakakamiza kupeka nyimbo zogulika msanga, oimbawa amakhala ndi ufulu woyesa zinthu zomwe ena sanayesepo. The Very Best inatulutsa nyimbo zake kudzera m'makampani a mtundu umenewu, monga Green Owl ya ku New York ndi Moshi Moshi ya ku London.

Gululi linatulukira pa nthawi yabwino. Cha m'ma 2007 ndi 2008, oimba angapo a indie anali atayamba kutchera khutu ku Africa. Gulu la Vampire Weekend la ku New York linatulutsa chimbale chake choyamba mu January 2008, chokhala ndi magitala otengera a ku Congo ndi ku South Africa. M.I.A., woimba wa ku London yemwe makolo ake ndi a ku Sri Lanka, anali atatulutsa chimbale cha Kala mu 2007, chomwe anachijambulira m'mayiko angapo. Pa nthawi yomweyo achinyamata ambiri anali atayamba kupeza nyimbo zatsopano pa intaneti m'malo modikira wailesi. Chomwe chinali chosowa pakati pa zonsezi anali mawu a Mwafirika mwini wake, ndipo Mwamwaya anadzaza malo amenewo.

Nyimbo zaulere za 2008

Ntchito yawo yoyamba inali mixtape yotchedwa Esau Mwamwaya and Radioclit Are The Very Best, yomwe inatuluka mu 2008 ndipo aliyense ankaitenga pa intaneti mwaulere. Mixtape ndi nyimbo zosonkhanitsidwa pamodzi zomwe woimba amagawa pofuna kudziwika, ndipo nthawi zambiri zimamangidwa pa zing'wenyeng'wenye za nyimbo za anthu ena. Wokonza nyimbo amadula kachigawo ka nyimbo yojambulidwa kale, amakabwereza pa kompyuta, amawonjezera ng'oma zake, kenaka woimba amaika mawu atsopano pamwamba. Kugulitsa nyimbo zotere kumafuna chilolezo cha eni ake ndiponso ndalama zambiri, n'chifukwa chake oimba ongoyamba kumene amangozigawa.

Mwamwaya ndi anzake anasankha nyimbo zomwe omvera a indie ankazidziwa bwino. "Tengazako" inamangidwa pa "Paper Planes" ya M.I.A., nyimbo yomwe nayonso inabwereka gitala ya "Straight to Hell" ya gulu la The Clash ya mu 1982. "Kamphopo" inamangidwa pa "Heart It Races" ya gulu la ku Australia la Architecture in Helsinki. Anagwiritsanso ntchito "Will You Be There" ya Michael Jackson ndi nyimbo yomwe Hans Zimmer anapekera filimu ya True Romance.

Yochititsa chidwi kwambiri inali "Cape Cod Kwassa Kwassa" ya Vampire Weekend. Anyamata a ku New York anali atabwereka dzina ndi kamvekedwe ka kwasakwasa, gule wa ku Congo yemwe Amalawi anavina kwambiri m'masiku a Kanda Bongo Man. Mwamwaya anatenga nyimbo yawoyo n'kuiimbanso mwa njira yake. Chobwerekedwa ku Africa chinabwerera m'kamwa mwa Mwafirika, ndipo obwereka aja sanakwiye: mtsogoleri wawo, Ezra Koenig, anadzaimba nawo m'chimbale chotsatira. Mixtape imeneyi inafalikira kwambiri, ndipo tsamba la Pitchfork, lomwe panthawiyo linali ndi mphamvu zambiri pa zomwe okonda indie ankamvera, linaiyamikira.

Warm Heart of Africa

Chimbale choyamba chinatuluka mu 2009 ndipo chinatenga dzina lomwe dziko la Malawi limadziwika nalo pokopa alendo. Pano gululi linayenera kuonetsa kuti lingathe kupeka nyimbo zakezake, osangodalira zodziwika kale. Mwa nyimbo za m'chimbalechi muli "Yalira", "Chalo", "Julia", "Mfumu", "Nsokoto", "Angonde", "Kada Manja" ndi "Zam'dziko", komanso "Kamphopo" yomwe inachokera mu mixtape ija. Ezra Koenig anaimba nawo nyimbo yomwe ili ndi dzina la chimbalechi, yomwe inamangidwa pa gitala ya "Guitar Boy" ya Victor Uwaifo wa ku Nigeria. M.I.A. anaimba nawo "Rain Dance".

Zing'wenyeng'wenye za m'chimbalechi sizichokera kumalo amodzi. Muli makiyibodi okumbutsa nyimbo za Azungu za zaka za m'ma 1980, ng'oma za pa kompyuta zolemera ngati za kwaito ya ku South Africa, zoimbira zazingwe, ndi malo ena pomwe mawu a Mwamwaya amatsala okha ndi kuwomba m'manja. Chomangiriza zonsezi ndi mawuwo. Chaka chomwecho gululi linaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Pitchfork mumzinda wa Chicago, pomwe khamu la Amereka linamvera nyimbo za Chichewa pa bwalo lomwe kawirikawiri pamaimba magulu a rock.

Kutsala awiri: MTMTMK

Etienne Tron atachoka, The Very Best inatsala ya anthu awiri, ndipo ndi momwe yadziwikira kuyambira pamenepo. Mwamwaya anali atabwerera kudzakhala ku Malawi, choncho Hugo ndiye anamutsatira. Gawo lalikulu la chimbale chachiwiri linajambulidwa ku Lilongwe. Kusinthaku kunali ndi tanthauzo: nyimbo zomwe zinayambira m'kachipinda ka ku London tsopano zinkapekedwa pakati pa anthu omwe amamva mawu ake onse.

Chimbalechi chinatuluka mu July 2012. Dzina lake, MTMTMK, ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti ku Malawi kuli zambiri zoposa ana a Madonna. Woimba wa ku America ameneyu anatenga ana awiri ku Malawi mu 2006 ndi 2009 kuti awalere, ndipo kwa anthu ambiri akunja nkhani imeneyo inali yokhayo yomwe ankaidziwa ya dziko lino. Dzinali ndi nthabwala, koma ili ndi mbola.

MTMTMK ndi chimbale chaphokoso ndi chothamanga kuposa choyamba, chokonzedwera mabwalo akuluakulu ovinira. Muli alendo ambiri: K'naan wochokera ku Somalia, Baaba Maal wa ku Senegal, Amadou ndi Mariam a ku Mali, ndi Seye, woimba wa ku Britain wochokera ku Nigeria, yemwe anaimba nawo "Kondaine". Apa zikuoneka kuti gululi silinkangolumikiza Africa ndi Ulaya, komanso linkalumikiza Amalawi ndi oimba a mbali zina za Africa omwe sakumana nawo kawirikawiri.

Nyimbo yomwe Amalawi angaimve mozama kuposa wina aliyense ndi "Yoshua Alikuti", yodzudzula ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Mtsogoleriyu ankatamandidwa kuti ndi Mose wa lero, dzina lomwe linafala ndi nyimbo ya Joseph Nkasa. Koma pofika 2011 dziko linali pa mavuto a kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, ndipo pa zionetsero za pa 20 July chaka chimenecho anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Wodziwa Baibulo amakumbukira kuti Mose sanalowe m'dziko lolonjezedwa, ndi kuti anali Yoswa yemwe anawolotsa anthu. Kufunsa komwe kuli Yoswa kunali kunena kuti nthawi ya Mose yatha. Mutharika anamwalira mu April 2012, chimbale chisanatuluke. Omvera akunja anavina nyimboyi ngati yachisangalalo chabe, pomwe omva Chichewa ankamva funso lolemera. Kusiyana kumeneku kumapezeka m'nyimbo zambiri za gululi.

Makes a King

Pokonza chimbale chachitatu, awiriwa anachoka m'tauni n'kukakhala m'mudzi wa M'dala Chikowa, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, komwe anakhazikitsa zida zojambulira m'nyumba. Makes a King inatuluka mu 2015 ndipo ndi yofatsa poyerekeza ndi MTMTMK. Mumamveka magitala ndi ng'oma zoimbidwa ndi manja, mawu a magulu a anthu, ndi phokoso la malo omwe ankajambulirawo. Baaba Maal anabweranso, pamodzi ndi Chris Baio, woimba gitala ya besi wa Vampire Weekend, ndi gulu la ku Malawi la Mafilika.

Nyimbo yodziwika kwambiri m'chimbalechi ndi "Hear Me", yomwe inapekedwa mu May 2014, masiku ochepa chisankho chachikulu chisanachitike, m'chaka chomwe dziko la Malawi linkakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu wodzilamulira. Panthawiyo nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate, yomwe inaululika mu 2013, inali idakali m'kamwam'kamwa. Nyimboyi ndi dandaulo lonena za umphawi ndi katangale zomwe zikupitirira patatha zaka zonsezo, ndipo imaimbidwa modekha ngati pemphero. Omwe ankaona gululi ngati loimba zosangalatsa zokhazokha anaona pano nkhope yake ina.

Johannesburg ndi ntchito zina

Kumayambiriro kwa 2016, gulu lotchuka la ku Britain la Mumford & Sons linayendera South Africa ndipo The Very Best inali nawo paulendowo. Ali mumzinda wa Johannesburg analowa m'situdiyo pamodzi ndi Baaba Maal ndi gulu la ku Cape Town la Beatenberg, najambula nyimbo zisanu m'masiku awiri okha. Kachimbale kameneka, kotchedwa Johannesburg, kanatuluka mu June 2016 ndipo kanalowa m'gulu la zimbale khumi zotsogola pa mndandanda wa Billboard ku America. Mawu a Mwamwaya amamveka m'nyimbo monga "Wona" ndi "Ngamila". Kudzera m'kachimbaleka, Chichewa chinafika kwa omvera ochuluka kuposa omwe gululi likanawapeza palokha.

Chaka chomwecho Baaba Maal anatulutsa chimbale chake cha The Traveller, chomwe Hugo anakonza. Ubale wa Hugo ndi Malawi sunathere pa gululi. Iye ndiye anakonza chimbale cha Stomp on the Devil cha Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino yemwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga pamanja. Chimbalechi chinatuluka mu 2019, pa nthawi yomwe kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunali kutagwedeza dziko kwa zaka zingapo, ndipo Chigwandali anagwiritsa ntchito nyimbo zake polimbana ndi nkhanzazo. Filimu yofotokoza moyo wake, yotchedwa Lazarus, inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Tribeca ku New York chaka chomwecho. Mmodzi mwa omwe anaika dzina lawo pa filimuyo monga othandiza kuikonza anali Madonna yemwe uja.

Zomwe gululi lasiya

Kuti timvetse malo a The Very Best, ndi bwino kukumbukira zomwe zinalipo kale. Mu 1986 Paul Simon anatulutsa Graceland, chimbale chomwe anajambula ndi oimba a ku South Africa monga Ladysmith Black Mambazo. Chinagulidwa kwambiri, koma dzina lomwe linali pachikuto linali la Mzungu yekha, ndipo mtsutso wa yemwe anapindula nacho sunathe mpaka lero. Mu 1987 makampani ena a nyimbo ku London anagwirizana kugwiritsa ntchito mawu akuti world music pogulitsa nyimbo zonse zosachokera ku Ulaya ndi ku America. Dzinali linathandiza malonda, koma linaunjika pamodzi oimba osafanana n'komwe, ngati kuti dziko lonse lotsala ndi mudzi umodzi.

The Very Best inasiyana ndi zimenezi m'njira zitatu. Choyamba, Mwafirika ndiye anali kutsogolo, monga woimba ndi wopeka mawu, osati mlendo woitanidwa kudzakometsa nyimbo ya wina. Chachiwiri, gululi silinayese kumveka ngati lachikale pofuna kusangalatsa ofuna Africa wa m'mabuku; linagwiritsa ntchito kompyuta monga momwe achinyamata a ku Lilongwe ndi Blantyre amachitira m'masitudiyo awo. Chachitatu, mgwirizanowo unakhalitsa. Sunali wa nyimbo imodzi, ndipo m'kupita kwa nthawi ntchito yojambula inasamukira ku Malawi.

M'zaka zotsatira oimba ena a ku Malawi anamveka kunja, aliyense mwa njira yake: Malawi Mouse Boys, Madalitso Band, Gasper Nali, Faith Mussa, ndi akaidi a ku Zomba omwe chimbale chawo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016. Ambiri mwa amenewa akunja anawakonda chifukwa cha zida zopanga okha ndi mayimbidwe osadalira magetsi. The Very Best imaimira mbali ina ya Malawi, ya m'tauni ndi ya makina, yomwe ndi yoona mofanana ndi inayo.

Pali funso limodzi lomwe mbiri ya gululi imadzutsa. Ngakhale laimbapo kwathu kuno, monga pa chikondwerero cha Lake of Stars, dzina la Esau Mwamwaya lakhala lodziwika kwambiri kwa olemba nkhani za nyimbo ku London ndi New York kusiyana ndi okwera minibasi ku Lilongwe. Ndipo pafupifupi oimba onse omwe atchulidwa pamwambapa anafika kunja kudzera mwa mlendo yemwe anawamva, anawajambula ndi kuwapezera msika. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe cholakwika kulandira kalumoko. Koma luso la Mwamwaya linalipo kale ali ku Lilongwe, zaka zambiri asanagulitse njinga ija. Chomwe chinkasowa ndi njira yolifikitsira kwa omvera: makampani ofalitsa nyimbo, anthu odziwa misika yakunja ndi ndalama zoyendera. Ntchito ya The Very Best inatsimikiza kuti chilankhulo si chotchinga. Zotchinga zenizenizo zili m'zinthu zomwe dziko lingathe kudzimangira lokha.

Ntchito zawo zikuluzikulu

Esau Mwamwaya and Radioclit Are The Very Best, mixtape, 2008
Warm Heart of Africa, chimbale, 2009
Super Mom, mixtape, 2011
MTMTMK, chimbale, 2012
Makes a King, chimbale, 2015
Johannesburg, pamodzi ndi Mumford & Sons, Baaba Maal ndi Beatenberg, 2016